Minibasi Yopanda Mipando

Bambo atatopa ndi msewu wa Limbe ndi Chirimba,
zaka makumi awiri ndi zinayi za magiya ndi maenje,
anazula mipando yonse m'minibasi
ngati mano obooka
n'kuiunjika kuseri kwa bafa,
kumene nkhuku zikuikirako mazira tsopano.

Mpulula, wowotcherera wa ku Ndirande,
anawapangira bedi lachitsulo.
Mbaula ili ndi ngodya yake,
chigubu cha madzi chamangidwa ndi mphira,
makatani ndinasoka ndine
pa nsalu ya chipani imene amayi anakana kuvala.

Akuti akufuna akaone nyanja yamchere,
pamalo paja amasimba a mathiraki,
pamene madzi amalowa kumtunda ngati chikhatho,
n'kuchoka osatsanzika,
n'kubweranso osaodira.

Mafuta tisonkha, zimenezo n'zodziwika.
Chotisowetsa tulo ndi pogona.
Galimoto imaima pati usiku
mwini wake ali m'kati, atavula nsapato?

Ndiye Loweruka lililonse timayenda chofunsa.
Ku Wenela, Che Sumani akupukuta girisi m'manja anati,
"Mukadutsa Muloza musagone m'mbali mwa msewu.
Ku Mocuba kuli mpanda wa mayi wina,
mlonda wake amatsokomola usiku wonse, akuba amadziwa kuti ali maso.
Ku Nacala mukafunse pa mitengo itatu ya kokonati,
pali mpopi, pali chimbudzi cha chitseko."
Bambo analemba m'kope: chitseko.
Anadula mzere kunsi kwake kawiri.

Mumsika wa Limbe, Mayi Nangondo oodetsa zitenje
anaseka mpaka kugwira m'nthiti.
"Mitengo itatu? Anadula kalekale, pano pali hotela.
Pitirirani chakumpoto kumene alendo amakhoma matenti.
Koma musakaime pamchenga wonyowa,
madzi a kumeneko amabwera usiku kudzatenga zawo."
Bambo anafufuta mitengo.
Chitseko anachisiya.

Ine ndimafufuza pafoni mpaka bandulo kutha.
Ndimaona magalimoto oyera okhala ndi bafa m'kati,
kapinga wometedwa, magetsi pachipilala chilichonse,
ndipo mtengo wa usiku umodzi ndikausintha m'makwacha
ndimauza bambo kuti netiweki yavuta.

Mwezi wa Juni anati tiyesere.
Tinakwera nayo m'mphepete mwa phiri la Soche,
pamene tala amathera, pafupi ndi thanki ya madzi,
n'kuika mwala kumbuyo kwa tayala.
Mlonda anabwera ndi tochi ndi chibonga.
"Yawonongeka?"
"Ayi, tikugona."
"Kwanu akupirikitsani?"
"Kwathu ndi apo, denga lofiiralo."
Anatiunika nthawi yaitali,
kenako anapempha tiyi.

Cha m'mbandakucha bambo anandigwedeza phazi.
Chiperoni chinali chitadzaza chigwa chonse,
Zingwangwa yamira, Chitawira yamira,
phiri la Ndirande lili tsidya lija ngati chilumba,
magetsi ochepa akuphethira pansi pa madzi oyera.
Sanayankhule.
Anakhala pakhomo lokoka lija, pomwe pankapachikika kondakitala,
miyendo ili lendelende kunja,
ngati akudikira kuti funde liwanyowetse zala.

Ndinasuzumira m'kope muja.
Pamwamba pa Mocuba, pamwamba pa Nacala,
anali atawonjezapo ndi pensulo:
Soche. Ulere. Chimbudzi palibe. Mlonda amamwa shuga zitatu.

Kutacha batire linakana.
Tinakankha, ine ndi mlonda uja,
mpaka injini inatsokomola pamtsetse.
Pasiteji ya Kamba mayi wina wa dengu la mpiru anatibaya chala,
"Limbe?"
Phazi la bambo linapita lokha pabuleki,
zaka makumi awiri ndi zinayi si masewera.
Anatsitsa galasi, nati, "Nacala, mayi."
Mayiyo anasuzumira m'kati,
anaona bedi, mbaula ndi ine wa bulangete kumutu,
nati, "Nanga si mudutsa ku Limbe komweko?"

Anakhala pabedi, dengu pamiyendo.
Bambo sanalandire ndalama.